Dramu ikaima, filimu yapita

Sabata ino yanditopetsa, ndipo chanditopetsa si dzuwa la Okutobala lokha la kuno ku Salima.

Lachitatu kuntchito kwathu kotsukira filimu kunabwera mlendo wogona ku Senga Bay, wojambula ndi kamera zazikulu zija zofunda nsalu kumutu. Anabweretsa mashiti khumi a filimu a mainchesi 4x5, Ilford HP5 Plus, kuti timutsukire: asodzi akukocheza m'mamawa, amayi akuyanika usipa pathandala. Ndinawalonga mu dramu yotsukira filimu ya Jobo 3010, awiriawiri m'chibowo, emalushoni (mbali yogwira chithunzi) kuyang'ana m'kati. Makina ozunguza dramuyi amadziwa kutenthetsa basi, kuziziritsa ayi, pamene madzi athu apampopi nyengo ino amabwera ofunda kale. Kuti ndifike pa madigiri 20 ndinagula ayezi ndi ndalama zam'thumba mwanga. Ndinanyowetsa kaye filimu mphindi 5, poti sindikonda njira ina yodula nthawi yotsukira ndi 15 peresenti, kenako n'kuthira divelopa wa D-76, mankhwala otulutsa chithunzi.

Pamphindi yachinayi magetsi anathima.

Anzanga amadramu mukudziwa. Timaitama kuti siidya mankhwala ambiri, koma ubwino womwewo ndiwo umapha. Divelopa ndi wochepa, amafika ponseponse chifukwa cha kuzungulira kokha. Mota ikaima, zibowo zam'munsi zimamwa mankhwala, zam'mwamba zili gwa. Ndinazula dramu, n'kuyamba kuigubuduza ndi manja patebulo, uku ndi uku, mnyamata wanga akundiwerengera nthawi pafoni. Mwayi chivindikiro sichilowa kuwala. Mpaka fikisa, mankhwala okhazikitsa chithunzi, manja okhaokha, thukuta lili kamukamu.

Mashiti asanu ndi awiri anatuluka bwino. Atatu ali ndi mzere wodutsa pamtambo ndi panyanja, pamene sungabise kanthu. Kukocheza kuja sikubwerezeka.

Chondipweteka n'chakuti batire la inveta linafa kalekale, ndipo bwana ndakhala ndikuwauza. Yankho lawo n'lakuti zinthu zadula, tidikire. Koma chikwangwani chatsopano panjapo anachipezera ndalama. Atawona mizere ija anati, "Achimwene, bwanji osangotsukira m'mabeseni ngati kale?" Ndinawafunsa ngati anayamba asinthanitsapo mashiti khumi mumdima wabii, emalushoni itafewa ndi kutentha, osakanda ndi imodzi yomwe. Kenako akuti ndimuuze mlendoyo kuti filimu yake inapsa m'galimoto. Ndinakana. Munthu wodziwa kulonga filimu m'holda ya kamera mumdima amausiyanitsa mzere wa dramu ndi filimu yopsa. Ndinamuuza zimene zinachitika, ndipo bwana sanandiyankhule mpaka Lachisanu.

Zina zonse zinali zamasiku onse: zithunzi zapasipoti, chinkhoswe cha ku Lifuwu, ndi timipukutu ta kala. C-41, njira yotsukira filimu ya kala, ndiye imatikonda kuno, poti madigiri 38 safuna ayezi. Divelopa watsala paketi imodzi, ndipo wa ku Johannesburg akudikira ndalama zakunja zimene sizikupezeka.

Loweruka ndapita kwa kalipentala kumsika kuti andikhomere thabwa la mawilo anayi logubuduzirapo dramu. Lisiti ndalisiya patebulo la bwana, pamwamba pa la ayezi.