Tsiku lomwe ndinasiya udayirekita

Abale inu mafilimu onena za moyo wa madayirekita aja muziwaonera muli okhuta, mutu uli m'malo, apo ayi mudzaona zomwe ndinaona ine.

Zinayamba ndi Ed Wood, filimu ya 1994 yomwe anapanga Tim Burton. Johnny Depp ndi amene akusewera ngati Ed Wood, mkulu waku America yemwe anthu amati palibe dayirekita wina woipa kuposa iyeyo. Filimu yake ndi ya bulaki ndi waiti. Anthu anzeru akaonera amaseka n'kukagona, koma ine ndinatseka laputopu mtima ukugunda, ndikuti aaa ngati uyu anatha, ine chingandikanike n'chani? Munthu wake amajambula kamodzi basi, mwala wapamanda wa katoni ukugwa kamera ikuona iye n'kumati zili bho tipitirize. Ndinaona m'bale wanga weniweni.

Ndiye ndinalemba sewero langa loopsa, la mdala wina amene amadzuka kumanda kudzalonjerera ngongole yake. Kamera inali foni ya mlongo wanga, magazi tomato sosi, ndipo mdalayo anali malume anga, munthu wamfupi wa kamimba, amene anavomera chifukwa ndinawalonjeza Chibuku mapaketi awiri pa tsiku. Tinajambula masiku awiri bwinobwino. Lachitatu m'mawa ndikumva zoti malume akwera minibasi apita kumudzi kukakolola, osatsanzika nkomwe, foni yawo yozimitsa.

Apa ndi pomwe satana anandikumbutsa filimu ija. Bela Lugosi, mdala yemwe anatchuka posewera Dracula mu 1931, anamwalira mu 1956 Ed Wood atangomujambula tizidutswa tochepa. Mkuluyo sanagwe ulesi, anatenga dokotala wa msana wa mkazi wake, munthu wamtali kuposa Lugosi komanso osafanana naye olo pang'ono, n'kumuuza kuti azingophimba nkhope ndi chinsalu chakuda. Filimu ya Plan 9 from Outer Space inatuluka chonchobe. Ine ndinati basi nzeru ndi imeneyi.

Ndinakatenga mnzanga wina wamtali ngati mlongoti wa netiweki, n'kumufunditsa nsalu yakuda ya amayi yomwe amavala kumaliro, tomato sosi kukamwa mpaka pachifuwa. Ndiye poti dayirekita weniweni safuna zachinyengo, ndinati tikajambulire pafupi ndi manda enieni, usiku, magetsi atazima. Mphwanga anagwira tochi.

Chomwe ndinaiwala n'choti kuno si Hollywood. Kuno munthu wamtali wofunda zakuda, magazi kukamwa, cha m'ma 10 usiku, ali ndi dzina lake kale, ndipo amene mukukumbuka mphekesera za anamapopa za 2017 mukudziwa kuti si nkhani yoti munthu n'kuseka ili mkati.

Ndangokuwa kuti akishoni, mnzanga wayamba kuyenda mwa chizukwa manja ali m'mwamba, mayi wina amene amachokera kogulitsa mandasi anangoti tso! n'kuponya beseni pansi, kukuwa kwake mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Mphindi ziwiri sizinakwane, mawezulo, matochi, zibonga, wina mpaka anabwera ndi mpini wopanda khasu. Mphwanga anazimitsa tochi n'kusowa ngati utsi. Namapopa wanga anathawa kuposa tonse, miyendo yaitali ija inamuthandiza, nsalu ya amayi anaisiya pa minga. Amene anatsala ndi ine, dayirekita, nditagwira foni ndi botolo la tomato sosi latheka.

"Muli chani m'botolomo?"

Ndinati tomato sosi bwana. Anati imwa tione. Abale ndinamwa. Theka la botolo, popanda chipisi, ndikunjenjemera, anthu makumi angapo akundiunika kumaso kudikira kuti kaya ndisanduka chani. Chinandipulumutsa ndi gogo wina amene anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti aaa uyu si mwana wa mayi a kwaya uja, wopanda nzeru uja? Sindinasangalalepo chonchija ndi chipongwe.

M'mawa nkhani inali kwa amfumu. Anandigamula kuti ndilipire mandasi onse 40 omwe anagwera m'fumbi, beseni, ndi nkhuku imodzi chifukwa chosewera kumanda opanda chilolezo. Amayi anakhala chete njira yonse, nsalu yawo yong'ambika ili m'manja, ndipo chete wa amayi anga ndi woopsa kuposa zibonga zija.

Tisanabalalike amfumu anati tabweretsa tione nawo chinthu chomwe chatisowetsa tulochi. Ndinawapatsa foni. Anaonera malume akutuluka kuseri kwa mtengo ndi kamimba kawo, kenako sini yotsatira chimunthu chachitali chofunda kumaso. Anabweza kumbuyo, anaoneranso, n'kuvula magalasi.

"Iwe, malume akowa ndimawadziwa bwinobwino. Anatalika liti?"