Mtengo wa azungu unandionetsa zakuda ku Brighton

Pamene tinkalowa nyumba imene tikukhala kuno ku Brighton, mzinda wa ku England, chimene chinawakoka mtima mayi akunyumba sichinali khitchini kapena bafa ayi, koma kabwalo kakuseli. Ndi kakang'ono ndithu, masitepe khumi wafika kumpanda, koma kwa munthu amene wakhala zaka zitatu pa fulati ya m'mwamba kameneko ndi esiteti. Sabata yomweyo anadzalapo nkhwani ndi mpiru. Pakona pafupi ndi mpanda panali mtengo, wautali kupitirira denga pang'ono, thunthu lake ngati ntchafu zanga ziwiri mutaziphatikiza. Dzina lake sindinkalidziwa ndipo sindinafunse, kwa ine mtengo ndi mtengo basi.

Chaka choyamba nthambi zingapo zinauma sitinalabadire. Chaka chachiwiri mu June, nthawi imene mitengo yonse kuno imakhala ili biriwiri, wathuwu unayamba zake, masamba kuchita chikasu, kufota, kuyoyoka, nsonga za tinthambi kupindika ngati ndodo ya agogo. Tsiku lina kulibe ndi kamphepo komwe nthambi youma inangothyoka yokha phii pa nkhwani. Mayi akunyumba anangoti bambo a mwana, lero ndi nkhwani mawa ndi mutu wa mwana wanu, onani chochita.

Ndinaimbira landilodi sanayankhe. Ndiye ndinaimbira anthu odula mitengo, kuno amawatchula kuti tree surgeon, eti dokotala wa mitengo, abale inu. Pafoni pomwepo atandifunsa kutalika kwake anati ziyambira mapaundi 600. Anandifunsanso kuti ndi mtengo wanji ndinati wamasamba. Nditadula foni ndinachita chimene Mmalawi aliyense kuno amachita, kutembenuza ndalamayo kupita ku makwacha, mutu unazungulira. Malata a nyumba yonse kumudzi amenewo. Kudula mtengo umodzi? Ine mwana wa ku Ntcheu, amene ndakula ndikugwetsa bulugamu ndisanapite ku sukulu, ndawaza nkhuni za pa maliro osawerengeka, ndilipire munthu wovala chipewa cholimba kuti andidulire kamtengo?

Pulani inali yabwino kwambiri mmutu mwangamu. Ndidula ndekha, ndiwauza a landilodi achotseko ku lendi, zipikazo ndisunga kuti pa 6 July tidzaotchere kanyenya ndi anyamata. Ndinagula nkhwangwa, sowo ndi chingwe, ndikuitana alamu anga kuti adzagwire chingwecho. Alamu angawa ndi mwana wa m'tauni, wa ku Chilomoni, mtengo umene anadulapo pamoyo wawo ndi mswachi, koma thupi ali nalo.

Loweruka mmawa mayi akunyumba ali ku shifiti tinayamba. Ndinakwera ndikumanga chingwe chapakati, ndikutsika, kulavulira mmanja ngati kwathu, ndikuponya nkhwangwa. Inalowa inde, koma kuti ituluke ndinachita kupondera phazi pathunthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Tchipisi tija timauluka ukamadula bulugamu kunalibe, mtengowo unkangomeza nkhwangwa ndikuigwira ngati ngongole. Patatha ola thukuta lili kamukamu, manja atatuluka matuza, alamu ali pa mpando wa pulasitiki akujambula vidiyo, akuti alamu kodi ku Ntcheu kuja munkadula mitengo kapena mapesi?

Ndinasinthira sowo. Kenako unayamba kulira kuja mtengo umalira ukafuna kugwa, ndinakuwa kuti kokani alamu, kokani! Alamu anakoka ndi dzanja limodzi chifukwa linalo linali ndi foni. Mtengo unaima kaye ngati ukuganiza, ndikuzungulira pachitsa pang'onopang'ono, ndikusankha mbali imene sitinagwirizane. Unapita ndi mapanelo awiri a mpanda, ndikukagona pa kanyumba kagalasi ka agogo achizungu oyandikana nafo, mmene amalimamo matimati. Phokoso lake ngati kabati ya mbale yagwa pa ukwati. Pogwapo unakokanso chingwe choyanikira zovala, ndipo kabudula wanga wamkati, uja wotopa amene mayi akunyumba akhala akundiuza kuti nditaye, anauluka ndikukakola pa mtengo wa maapozi wa agogowo, ali pekupeku ngati mbendera.

Agogo anatuluka ndi kapu ya tiyi mmanja. Sanakalipe, anthu akuno sakalipa, ndipo bola akanakalipa. Anayang'ana galasi, anayang'ana kabudula, anayang'ana ine, kenako anawerama kutola tsamba limodzi ndikulisisita ndi chala. Funso lawo loyamba silinali la matimati ayi. Anati kodi akukhonsolo akudziwa kuti mwadula elm? Ine ndinati elm ndi ndani.

Madzulo amenewo nkhani ndi mayi akunyumba ndisaifotokoze, ingodziwani kuti nsima ndinadya koma sinatsike bwino. Lamulungu ndinati bola ndipulumutseko nkhuni. Ndinadula zipika ndikuyamba kuwaza. Abale, elm sawazika. Ulusi wake wamkati ndi wopiringizana ngati tsitsi loluka, ukamenya nkhwangwa imangodumpha kapena kukanirira. Ndinamva pambuyo pake kuti nchifukwa chake kale azungu ankapangira mipando, mabokosi a maliro ndi mapaipi a madzi, sung'aluka chisawawa. Bokosi la maliro ndinalimvetsa, chifukwa nsana wanga tsiku limenelo unatsala pang'ono kulifuna. Ndinangounjika zipikazo kuseli kwa shedi ndi makungwa ake omwe, ndikufunditsa pepala la pulasitiki.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wa kukhonsolo, agogo aja anali ataimba foni. Ine mtima uli phaphapha poti ndinali nditamva kale kuntchito kuti kuno mitengo ina ndi yotetezedwa ndi lamulo, ukaidula osapempha chilolezo umakalipira chindapusa kukhoti. Mwayi wanga wathuwo sunali mgulu limenelo. Koma bamboyo atavundukula pulasitiki uja anapuma mpweya wautali ngati wapeza chamba. Anatenga kampeni ndikusenda khungwa la chipika chimodzi, kunsi kwake kunali tinjira tojambulika bwinobwino, kamzere pakati tina tikutuluka mbali zonse ngati miyendo ya bongololo, ndi timphutsi toyera. Anati izi ndi nyumba za tizilombo tina tating'ono, ine ndinangoti anankafumbwe a mitengo. Timaswana pansi pa makungwa a elm wodwala kapena wodulidwa kumene, tikauluka timanyamula kabowa kosaoneka ndi maso kupita nako pa mtengo wabwinobwino, kabowako kamatseka njira zimene madzi amakwerera, mtengo ndikufa ndi ludzu uli chiimire. Anasendanso kanthambi kundionetsa mizere yakuda mkati mwake. Matendawa amati Dutch elm disease, osati chifukwa anachokera ku Netherlands, koma akatswiri akumeneko ndi amene anawatulukira cha m'ma 1920.

Ndiye anandiuza modekha kuti mtundu woopsa wa matendawa unalowa ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudzera m'zipika zochokera ku Canada, ndipo unapha ma elm oposa 25 miliyoni. Zipika, anabwereza, akuyang'ana mulu wanga. Brighton ndi amodzi mwa malo ochepa amene anapulumuka, mbali ina nyanja mbali ina mapiri a South Downs, kuphatikiza kulondera kwa zaka zambiri, moti mumzinda muno muli ma elm pafupifupi 17,000. Ku Preston Park, kumene ndimadutsa daily popita kuntchito osatukula ndi mutu womwe, kunali iwiri ya zaka pafupifupi 400 imene ankaitchula kuti mapasa, umodzi anaudula mu 2019 chifukwa cha matenda omwewa. Ndiye pakati pa zonsezi pabwere munthu wa ku Ntcheu atsegule hositelo ya anankafumbwe kuseli kwa shedi.

Ndinafunsa mwaulemu kuti nanga bwana ndikanatani poti mapaundi 600 ndinalibe. Anandiyang'ana modabwa. Anati mukanangotiimbira, elm wodwala timabwera kudzamuona ndikumuchotsa ife, simulipira kalikonse. Mayi akunyumba anali ataima pakhomo manja ali mchiuno. Sanayankhule, anangoti mhm, ija imachokera pansi pa mtima.

Zipika anabwera kudzatenga tsiku lotsatira, chitsa anachisenda makungwa onse chinatsala mbee. Mpanda ndi magalasi a agogo ndinalipira ine, ndalama yake sindinena koma pa 600 paja inadutsa osaima. Landilodi amene sankayankha foni uja tsiku limenelo anayankha itangoitana kamodzi. Kanyenya wa pa 6 July tinaotchera makala ogula mushopu, vidiyo ya alamu itazungulira kale magulu onse a WhatsApp mpaka kumudzi, malume anga anaimba kufunsa ngati ndi zoona kuti ndagwetsa nyumba ya mzungu.

Kabudula uja agogo anamubweza atamuchapa, atamusita, ali mu kajumbo.

Chaka chino mu May ndili mkati ndikumwa tiyi ndinamva agogo akundiitana pa mpanda watsopano uja. Ankaloza pakati pa nkhwani. Mizu ija sinafe, yatulutsa mphukira zisanu ndi imodzi, masamba ake okhakhala omwe aja, ina yafika kale m'bondo. Mayi akunyumba nkhwangwa anaibisa, mpaka lero sindikudziwa kuti ili kuti.