Therere la Lachitatu

Ndimaphika pa malo ena odyera ku Old Town, chapafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Si malo otchuka ayi. Tili ndi matebulo 11, khitchini yopanikiza kumbuyo, ndi chiwaya panja pansi pa mtengo wa mango. Ogwira ntchito tilipo asanu: ine wa kumiphika, mnyamata wa pachiwaya, atsikana awiri operekera chakudya, ndi mayi eni malo amene amakhala pakauntala ndi kope lawo la ndalama. Ndatha zaka 8 pamenepa, masabata ambiri amangofanana, koma yathayi ikundizungulirabe m'mutu.

Lolemba ndinatuluka m'nyumba ku Area 23 nthawi ili 4 koloko, pa kabaza wa njinga yamoto, kulowera ku msika wa Wakawaka. Kumeneko malole ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu amatsitsa mbatatesi, kabichi, matimati ndi anyezi kusanayere. Ukafika dzuwa litatuluka umagula kwa munthu amene wapikula kale, ndipo iyenso waikapo yake. Mbatatesi ya tchipisi ndimasankha ndi manja: ikhale yaikulu, yolimba, yosabiriwira khungu. Ogulitsa ena amaika zazikulu pamwamba pa thumba, tating'ono pansi, ndiye ine ndimapisa dzanja mpaka m'chigongono. Mayi amene ndimawagula nthawi zonse amangoseka. "Achemwali, mpaka lero simundikhulupirira?" Ndimawakhulupirira, koma ndalama imene ndanyamula si yanga.

Mu Novembala masamba amakhala a kudimba okhaokha poti mvula imakhala isanakhazikike. Mpiru ndi repu zinalipo, nkhwani unali wochepa ndi wodula. Koma chimene chinativuta ndi nsomba. Kuyambira pa 1 Novembala boma limaletsa makoka pa nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane, ndipo bambo a ku Salima amene amatibweretsera chambo anaimba foni kuti tisawadikire. Tinagula makumba a m'madamu. Mayi eni malo anati tingolemba chambo pabolodi monga mwa masiku onse, poti zikakazingidwa zimaoneka chimodzimodzi. Ndinakana. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi akangoluma kamodzi amadziwa, ndipo limenelo ndi tsiku lomaliza kumuona pakhomo pathu. Tinalemba makumba. Angapo anadandaula, koma mbale zinabwerera kukhitchini zili ndi minga yokhayokha.

Lachiwiri magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko, moti nyama yonse ya mufiriji tinaiphika msanga kuopa kuti ingaonongeke. Tinakanganakonso ndi mnyamata wa pachiwaya pa nkhani ya mafuta. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira akhala ngati golide, ndipo iye amafuna kukazingira omwewo mpaka atada ngati oyilo wa galimoto. Ndimamumvetsa, akuopa kukalipiridwa kuti akumwaza katundu. Koma tchipisi za mafuta otopa zimakanda pakhosi, ndiye ndinawachotsa ndekha pachiwaya.

Nsima ya anthu 60 si ya pakhomo. Poto wake mwana akhoza kukhalamo, mthiko wake umandifika m'chiuno. Ndimatereka madzi 10 koloko, phala liwire mpaka lizithovoka ndi kulavula madontho otentha m'mikono, ndipo zipsera zake ndili nazo. Kenako ndimathira ufa pang'onopang'ono ndikuvundula ndi manja awiri, mtsikana mmodzi atagwira poto ndi nsanza kuti asagwedezeke. Ikapsa ndimaomola ndi chipande choviika m'madzi, mitanda n'kuisanja m'zosungira kutentha. Masiku ano mapoto amakhala awiri, wa ufa woyera ndi wa mgaiwa. Ndili mwana mgaiwa unali wa kusukulu zogonera komweko ndi wa chaka cha njala, mlendo sunkamupatsa. Lero abwana a mataye ndi amene amauitanitsa, ena akuti adokotala awauza chifukwa cha shuga. Ndiwo timaphikira gasi, koma nsima yochuluka chonchi imapita pa makala, ndipo zimenezi sizindisangalatsa. Makala ambiri a mumzinda muno amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, komwenso kumachokera mtsinje umene timamwa. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, koma njinga za matumba zimalowabe m'tauni m'bandakucha uliwonse, ndipo ogula ake ndife tomwe.

Tsopano za Lachitatu.

Nthawi inali itangokwana 1 koloko, pamene magalimoto a ku Capital Hill ndi ku City Centre amadzaza panja pathu. Bambo wina, kasitomala wathu wakalekale, analowa atagwira mayi ake padzanja. Anali gogo wochepa thupi, wa mpango kumutu ndi chitenje chatsopano chimene chinali chisanachapidwepo. Anachokera ku Kasungu kudzaonana ndi adokotala, ndipo anali atauzidwa kuti m'mawa mwake akagonekedwa. Mtsikana wathu anagwada ndi jagi ndi beseni kuwathirira madzi m'manja. Chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023, ija inachedwetsa kutsegulira sukulu muno mu Lilongwe ndi ku Blantyre, sitilolanso anthu kusamba m'beseni limodzi, aliyense timamuthirira ndi sopo. Agogo anamuyang'ana mtsikanayo n'kumuuza kuti, "Zikomo mwanawe, analera bwino kwanu."

Mwana wawo anayamba kuwawerengera za pabolodi. Nkhuku ndi tchipisi, mpunga wa kilombero ndi nyama ya ng'ombe, nkhuku ya lokolo, makumba okazinga, nyemba. Agogo ankangopukusa mutu. Kenako anafunsa chapansipansi, "Therere alibe?"

Linalipo. Therere lobala timaphika tsiku lililonse kapoto kakang'ono, chifukwa alipo amene amalifuna pambali. Anawapatsa ndi mtanda umodzi wa ufa woyera. Ine ndinali nditabwerera kale ku miphika yanga pamene mtsikana anabwera kudzati agogo aja akufuna amene waphika. Ndinapukuta m'manja, ndinapita, n'kunyonyomala pambali pa mpando wawo. Anali atadya mbamu ziwiri zokha.

"Waphika ndiwe, mwanawe?"

"Eya, agogo."

"Nsimayi yapsa bwino, dzanja uli nalo. Koma therereli wathira soda wa m'sitolo. Akumveka pa lilime ngati sopo. Kwanu chidulo sanakuphunzitse?"

Mwana wawo anachita manyazi. "Amayi, kunotu n'kutauni."

"Kutauni kulibe phulusa?"

Sanalankhule mokalipa ayi. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira njira. Ndinapepesa, ndinawabweretsera nkhwani wotendera, anadyako pang'ono n'kumapita. Koma funso lija linanditsata mpaka kunyumba.

Chidulo anandiphunzitsa. Mayi anga ku Dedza anali ndi kachitini koboola kunsi kamene kankakhala pa mafuwa chaka chonse, ndipo ndisanakwanitse zaka 10 ndinkadziwa kale kuti phulusa la zitsononkho ndi la makoko a nyemba ndi limene lili ndi mphamvu. Ndinasiya liti? Sindikukumbuka tsiku lake. Soda wa m'pepala umangotapa ndi nsonga ya supuni, basi zatheka, ndipo kukhitchini ya malonda chilichonse chimathamanga ndi wotchi. Pakhomo umaphikira anthu amene ukuwadziwa: uyu mchere safuna wambiri, uyu mano anatha, uyu akadwala amangofuna phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Kuno timaphikira chiwerengero. Komabe anthu ambiri amene amakhala pa matebulo athu masana sabwera kudzafuna zachilendo. Amafuna nsima yotentha, nkhuku ya lokolo yolimba mafupa, chigwada, nyemba za msuzi wokhathamira, zomwe zija ankadya kwawo, chifukwa kunyumba n'kutali ndipo ola la nkhomaliro ndi limodzi. Timawalipiritsa chakudya cha kumudzi, ndiye tikamadula njira timakhala tikuwamana chimene abwerera. Anthu 60 amadya osanena kanthu. Gogo mmodzi ndi amene ananena.

Lachinayi ndinapita kuntchito ndi jumbo ya zitsononkho zouma zimene ndinapempha kwa anzanga oyandikana nawo nyumba, amene amasunga zokolezera moto. Ndinaziotcha pa lata kuseri kwa khitchini mpaka zinasanduka phulusa loyera. Ndinaboola chitini ndi msomali, kuyala kansalu koyera pansi pake, kuthira phulusa, kenako madzi pang'onopang'ono. Amadontha ngati misozi, dontho limodzilimodzi, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ukawagwira ndi zala amaterera. Mayi eni malo anasuzumira n'kufunsa ngati tayamba zausing'anga, komanso ngati nsima ipsa pa nthawi yake. Inapsa pa nthawi yake.

Therere la chidulo silifuna zambiri. Ndinawiritsa chidulocho ndi madzi pang'ono, kuthiramo therere loduladula mopyapyala, masamba angapo a nkhwani, matimati ndi mchere. Mafuta ayi, anyezi ayi. Suvundikira, ndipo suchokapo, chifukwa likangofufuma limasefukira pamoto nthawi yomweyo. Umangotakasa ndi kamthiko mpaka lizikoka ulusi ukatukula. Fungo litakwera, mnyamata wa pachiwaya analowa n'kuima pakhomo. "Amayi, kukununkhira kwa agogo anga ku Mchinji." Tinalemba pabolodi kuti therere la chidulo. Pofika hafu pasiti wanu kapoto kanali katauma, ndipo bambo wina anachita kupempha kuti akombeko chotsalira m'mbali.

Sindinkayembekeza kuti agogo aja adzalilawa. Koma Lachisanu masana mwana wawo anabwera yekha ndi kontena m'manja. Anati mayi ake chigonekedwereni sakufuna kudya chilichonse, ngakhale zimene apongozi awo akuphika kunyumba, ndiye mwina nsima yathu imene anaiyamikira ija angadyeko. Chidulo chinali chitatsala m'botolo. Ndinawapempha adikire mphindi 20, ndinaphika kapoto kapadera, nsima n'kuifewetsa pang'ono kuti isawavute kumeza. Ndalama ya therere sindinalole kuti alipire, ndipo mayi eni malo sananenepo kanthu.

Madzulo a Lachisanu malo athu amasintha nkhope. Anthu a nsima amachepa, amabwera a mabanja ndi zibwenzi. Ana amafuna tchipisi ndi nkhuku, azibambo amafuna mang'ina ndi kanyenya wothira kambuzi kapena Nali, achinyamata amayamba ajambula mbale n'kuika pa WhatsApp asanadye, polipira n'kumafunsa ngati tili ndi Mpamba kapena Airtel Money. Alipo amene amanyoza zodya kunja, amati n'kuononga ndalama kapena ulesi wa akazi a m'tauni. Ine sindigwirizana nawo. Usiku umenewo panali mayi wina pa tebulo la pakona, ndi amuna ake ndi ana atatu. Ndinaona atavula nsapato pansi pa tebulo, atatsamira kumpando, akudikira kuti wina awabweretsere mbale. M'manja mwawo munali zipsera ngati zanga. Munthu amene wakhala pa mbaula sabata yonse ayenera kukhalako pansi tsiku limodzi, wina n'kumuthirira madzi m'manja. Nkhuku yawo ndinaisankha ndekha.

Loweruka linali la piringupiringu, tinali ndi oda ya mpunga ndi nkhuku ya anthu a komiti ya ukwati, ndipo msana unachita kuuma. Cha m'ma 2 koloko bambo aja anatulukiranso ndi kontena yotsuka. Anati mayi ake anadya mitanda iwiri, chakudya chenicheni choyamba chichokereni pa tebulo lathu Lachitatu. "Akuti ndikuuzeni kuti limenelo ndiye therere. Koma akuti matimati muzichepetsako." Ndinawadzazira kontenayo kachiwiri, matimati nditachepetsa.

Lamulungu sitigwira ntchito. Masiku ena onse ndimafika kunyumba 8 koloko usiku nditatopa, nditanyamula tchipisi zotsala m'jumbo, ndipo ana anga atatu akula akudya zimenezo. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 14. Nsima amaphika, ngakhale nthawi zina imatuluka ya mibulu, koma ndinazindikira kuti sanandionepo ndikupanga chidulo n'kamodzi komwe. Titabwera kutchalitchi ndinamutuma kukapempha zitsononkho zina, ndinamupatsa msomali ndi mwala kuti aboole chitini yekha. Anaboola mabowo aakulu kwambiri, phulusa linangodutsa, tinayambiranso ndi chitini china. Mitambo inali itayamba kuda chakumadzulo, mphepo ikununkhira mvula, ang'ono ake akukangana kuti ngumbi zituluka lero kapena mawa. Iye anakhala chonyonyomala pakhonde akuyang'ana madontho akugwera m'kapu, kenako anaviikamo chala n'kulawa, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Amayi, zowawa chonchi zilowa mu ndiwo?"

Ndinamuuza kuti atenge mpeni ayambe kudula therere, ndipo matimati atenge limodzi lokha.