Ndasankha Chipwitikizi

Ndakhala ndikuganizira chilankhulo china choti ndiphunzire. Tikawerenga anthu onse olankhula chilankhulo chilichonse, Chingerezi ndicho chili patsogolo padziko lapansi: anthu pafupifupi 1.5 biliyoni, ngakhale ambiri mwa iwo adachiphunzira kusukulu ngati ife tomwe. Chimandarini cha ku China chimaposa 1 biliyoni, ndipo pa anthu ochita kuyamwira palibe chochiposa. Kenako pamabwera Chihindi, Chisipanishi, Chiarabu ndi Chifalansa.

Anzanga ambiri pa yunivesite pano pa Zomba mtima wawo uli pa Chitchaina. Sindiwatsutsa. Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, makampani a zomangamanga ndi masitolo a Atchaina achuluka, ndipo omasulira akufunika. Kungoti chimalira kupirira: zilembo zake n'zoloweza masauzande, ndipo liwu limodzi limasintha tanthauzo malinga ndi kakwezedwe kapena katsitsidwe ka mawu. Chifalansa nachonso n'chabwino kwa wofuna ntchito m'mabungwe akuluakulu kapena ku DRC.

Ine ndasankha Chipwitikizi. Chili ndi anthu opitirira 250 miliyoni, ambiri ku Brazil, koma si chiwerengerocho chidandikoka ayi. Dziko la Mozambique latizungulira kummwera konse kuno. Mukaima pa doko la Kachulu, tsidya lina la nyanja ya Chilwa ndi komweko. Mafuta ndi feteleza wathu wambiri amalowera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo njanji yodutsa pa Liwonde imatulukira pa Nayuchi. M'malire anthu amamvana m'Chinyanja, Chilomwe kapena Chiyao, inde, koma mukafika kwa a kasitomu, kupolisi kapena kuchipatala, mapepala onse ndi a Chipwitikizi. Zimandiwawa kuona madalaivala ndi amalonda athu akusayina zinthu zomwe sakuzimva.

Kuphunzira kwake sikophweka. Aneni ake amasintha mathero malinga ndi wochita komanso nthawi, ndipo dzina lililonse, ngakhale la mpando, limakhala lachimuna kapena lachikazi. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a ku Brazil, katchulidwe kawo n'kosiyana ndi ka anansi athuwa, choncho madzulo ndimamvetsera Rádio Moçambique pa foni, kope lili pamwendo.

Wondithandiza kwambiri ndi mayi wina wogulitsa zitenje mu msika wa Zomba, yemwe adakulira ku Milange, ku Mozambique. Ndikamupatsa moni m'Chipwitikizi amayamba wamaliza kupinda chitenje, kenako n'kuti, “Mwanangu, mawu amenewo atulukire m'mphuno. Bwerezanso.” Mitengo timanenerera m'Chipwitikizi chokhachokha, ndiye manambala ndidawagwira msanga kuposa china chilichonse.

Chikakhazikika ichi ndidzayamba Chiswahili, chomwe SADC idachivomereza mu 2019 kukhala chilankhulo chake chachinayi chogwirira ntchito. Mchemwali wanga amakapikula katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ndipo wakhala akundipempha kuti tizipitira limodzi.