Fayilo siima pamene ukuikopera

Kwa miyezi ingapo ndinkakhulupirira kuti ukaika database (nkhokwe ya data) ya Oracle mu backup mode, pokonzekera kuikopera kuti usunge kope pambali, mafayilo ake amaima, salembedwanso kanthu mpaka utamaliza kukopera. Ndinayankha choncho m'kalasi Lachiwiri madzulo, molimba mtima ndithu. Aphunzitsi anangondifunsa kuti, "Nanga anthu amene akugula nthawi imeneyo, ndalama zawo zikulembedwa kuti?" Ndinasowa chonena.

Ukalemba ALTER DATABASE BEGIN BACKUP, lamulo loyambitsa backup mode, chimene chimaima ndi nambala ya pamutu pa fayilo, checkpoint SCN, kuti tsiku lobwezeretsa database idziwe poyambira. Mkatimo ma block, tizigawo ta fayiloyo, akulembedwabe ngati masiku onse.

Zinandilowa m'mutu Loweruka, nditakhala m'kantemba ka azakhali ku Matero, ndikuwaona akulemba m'buku lawo la nkhongole. Ndinaganiza: nditati ndikopere bukuli iwo akugulitsabe, pofika tsamba 20, tsamba 3 lasintha kale, wina wabweza K50 yake. Choipa kwambiri n'kukopera mzere umene cholembera chawo chili pakati, theka latsopano, theka lakale. Block ya 8 KB imachitanso chimodzimodzi cp, lamulo lokopera mafayilo, akaiwerenga pamene database ikuilemba: imatuluka yong'ambika, mutu ndi mchira zosagwirizana. N'chifukwa chake mu backup mode, block ikasinthidwa koyamba, Oracle amailemba yonse mu redo log, kaundula wa zosintha za mu database, osati kusintha kokhako. Redo imatupa. Tsopano ndamva chifukwa chake akuluakulu pantchitoyi safuna backup yotere kumapeto kwa mwezi, malipiro akuyenda.

RMAN, chida cha Oracle chopangira backup, safuna BEGIN BACKUP. Amayang'ana yekha block iliyonse, ikakhala yong'ambika amaiwerenganso.

PostgreSQL, mtundu wina wa database, nayenso njira yake ndi yomweyo: pg_backup_start, imene isanafike version 15 inkatchedwa pg_start_backup, imakakamiza kuti masamba (ma block) athunthu alowe mu WAL, imene ili ngati redo log yake. Ndinayesa pa laptop yanga usiku womwewo, mothamanga magetsi asanapite. Ndinakopera foda yonse ya data, kenako malo atachepa ndinafufuta timafayilo ta WAL ta 16 MB tija, poganiza kuti ndi zinyalala chabe, chofunika ndili nacho kale. Mmawa ndinayesa kubwezeretsa. Foda inali yonse, backup_label, fayilo yosonyeza poyambira kubwezeretsa, ilipo, koma database inakana kudzuka, ikungofunsa fayilo ya WAL imene ndinataya ndi manja anga.