Pa Khunjerab Mpweya Unandiperewera

Dzulo masana ndinatsika galimoto pachipata cha Khunjerab, pamalire a Pakistan ndi China, ndipo nditangoyenda mapazi ochepa ndinayamba kupuma mwawefuwefu, mutu ukugunda. Malowa ali pamtunda wa mamita 4,693, kutalika koposa nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje, ndipo mphepo yake inali yozizira mpaka m'mafupa ngakhale dzuwa linkawala.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi manda amene tinawaona ku Danyor, pafupi ndi mzinda wa Gilgit ku Pakistan, kumene anaikidwa ena mwa anthu a ku China amene anafa pomanga msewu wa Karakoram, umene umadutsa pa Khunjerab. Msewuwu ndi wautali makilomita pafupifupi 1,300 kuchokera ku Hasan Abdal m'dziko la Pakistan kukafika ku Kashgar m'dziko la China, ndipo m'malo ambiri umatsata njira zakale za amalonda a silika. Anthu a ku Pakistan oposa 800 ndi a ku China pafupifupi 200 anataya miyoyo yawo poswa matanthwe, ambiri ataphwanyidwa ndi miyala yogumuka kapena atagwera m'zigwa, msewuwo usanatsegulidwe kwa alendo mu 1986. Ine ndinkalephera kungoyenda pamalo okonzedwa kale, koma iwowo ankanyamula zitsulo zolemera mumpweya woperewera womwewo, kutali ndi abale awo.

Pobwerera tinadutsa m'ngalande zoboola phiri pafupi ndi nyanja ya Attabad, imene inapangika mu 2010 phiri litagumuka n'kutseka mtsinje wa Hunza, ndipo mtima wanga unali udakali kumanda aja.