Makina amodzi pa malaputopu anayi

"Kwa ine ikuyenda bwinobwino." Mawu amenewa anatsala pang'ono kuthetsa gulu lathu semesita yathayi. Tinali anthu anayi, tikupanga webusayiti yolembetsera ophunzira, ndipo pamapeto pake inkayenera kukakhala pa seva yeniyeni. Atatu tinali pa Windows ndi XAMPP (phukusi loyendetsera webusayiti pa kompyuta yako), aliyense ndi mtundu wake womwe anaupeza nthawi yake, mmodzi pa Linux. Seva imene tinapatsidwa inali ya Ubuntu 20.04, mtundu wa Linux womwe umabwera ndi PHP 7.4 (PHP ndiye chilankhulo chimene tinkalembera webusayitiyo). Mnzathu wina analemba str_contains() pofufuza mayina, osadziwa kuti imeneyi inayamba ndi PHP 8.0. Pa laputopu yake zonse zinali myaa. Titakweza pa seva, tsamba linangoyera mbee. Usiku umenewo tinalozana zala mpaka wina anatseka laputopu n'kumapita, chonsecho palibe amene ananama. Aliyense ankanena zoona za kompyuta yake.

Apa m'pamene ndinadzipereka kuti ndiphunzire za virtual machine. Kunena mwachidule, ndi kompyuta yokhala m'kati mwa kompyuta inzake: imabwereka RAM, purosesa ndi malo pa disiki kwa mwini nyumba, koma ili ndi sisitemu yakeyake, kwa ife Linux. Tinasankha VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa makina otere, chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows ndi Linux pomwe. Koma VirtualBox payokha sikanatithandiza, chifukwa aliyense akanakonza makina ake ndi manja, n'kusiyananso ngati poyamba. Chimene chinasintha zinthu ndi Vagrant, pulogalamu imene Mitchell Hashimoto anaitulutsa mu 2010, asanakhazikitse kampani ya HashiCorp ndi mnzake mu 2012. Ganizo lake ndi loti makina uwalembe, usawapange. Umalemba fayilo imodzi yotchedwa Vagrantfile, m'chilankhulo cha Ruby, n'kuiika mu Git, momwe gulu limasungira ndi kugawana khodi, pamodzi ndi khodiyo.

Yathu inali yaifupi. Mzere wina unkati box, fayilo ya makina oyambirapo, ikhale ubuntu/focal64, ndiye Ubuntu 20.04 yofanana ndi ya pa seva. Wina unkalumikiza port 80 ya m'makinawo ndi 8080 ya pa laputopu, kuti ukalemba localhost:8080 mu browser uziona webusayiti. RAM tinaipatsa 1024 MB yokha, poganizira mlongo wathu amene laputopu yake ili ndi 4 GB. Mzere womaliza unkaitana script, fayilo ya malamulo, yoika Apache, PHP ndi MySQL, mapulogalamu oyendetsa webusayiti. Foda ya ntchito imaonekera yokha m'makinawo pa /vagrant, choncho umalembabe khodi pa editor yako ya masiku onse.

Tsiku loyamba silinayende. Laputopu imodzi inakana ndi uthenga wakuti "VT-x is disabled in the BIOS", ndipo tinachita kuizimitsa, kulowa mu BIOS, momwe mumakhala makonzedwe oyambira a kompyuta, n'kuyatsa virtualization, imene imalola makina otere kuyenda. Kenako nkhani ya bandulo. Box ndi fayilo ya ma MB mazana angapo, ndipo panalibe amene akanakwanitsa kuitsitsa ndi data ya pa foni. Ndinaitsitsa kamodzi pa Wi-Fi ya kusukulu m'mamawa anthu asanachuluke, n'kuiyendetsa pa fulashi, aliyense n'kuilowetsa ndi vagrant box add. Script ina yaing'ono yodzaza database inatipatsa uthenga wachilendo, $'\r': command not found, chifukwa inalembedwa pa Windows kumene mzere umatha ndi zizindikiro ziwiri, pamene Linux imafuna chimodzi. Mzere umodzi mu .gitattributes, *.sh text eol=lf, unathetsa zimenezo.

Koma phunziro limene landikhala mumtima linachokera pa cholakwa changa. Ndinkapanga gawo lochepetsa zithunzi za ophunzira, ndipo PHP inadandaula kuti ilibe GD, chida chake chokonzera zithunzi. Ndinalowa m'makinawo ndi vagrant ssh, kulemba sudo apt install php-gd, kuyatsanso Apache, zinthu n'kuyenda. Ndinakondwa, ndinakankha khodi ku Git, ndinakagona. Mu script sindinalembemo kanthu.

Patapita masiku anayi mlongo wathu uja anandiimbira m'mawa, mawu ali otopa. "Achimwene, fomu yanga ikukana zithunzi. Ndachezera usiku wonse, sindikuona pomwe ndalakwitsa." Ananditumizira chithunzi cha sikirini: Call to undefined function imagecreatefromjpeg(). Nditangoona ndinadziwa. Iye sanalakwitse paliponse. Makina anga anali ndi chinthu chimene ake analibe, ndipo chinthucho chinkadziwika ndi mutu wanga wokha. Ndinabweretsanso vuto lomwe lija tinkalithawa, ulendo uno m'kati mwa chida chimene ndinawakakamiza anzanga kuti achilandire. Zinandipweteka kwambiri, makamaka podziwa kuti iye ndi amene ankadzikayikira kuposa tonse, ndipo usiku wonse ankadziimba mlandu pa chinthu chimene ndinachita ine.

Ndinapepesa, n'kuwonjezera php-gd mu script, iye n'kulemba vagrant provision kuti script iyendenso, basi zithunzi zinayamba kulowa. Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti chilichonse choikidwa m'makina chiyambe chalembedwa mu script, ndiponso kuti Lachisanu lililonse mmodzi wa ife azilemba vagrant destroy kuti agwetse makina, n'kuwadzutsanso ndi vagrant up. Ulendo woyamba chala chinandizizira. Khodi sinapite kulikonse chifukwa imakhala pa laputopu, koma database yonse inafafanizika pamodzi ndi makinawo. Izi zinatiphunzitsa kusunga fayilo ya seed.sql yokhala ndi ophunzira ongopeka, kuti tonse tiziyesera pa mayina amodzimodzi. Kugwetsa makina kumadya data ndithu, popeza powadzutsanso apt, pulogalamu yoika mapulogalamu pa Ubuntu, imatsitsanso zonse, n'chifukwa chake tinkachitira kusukulu. Mnzathu wina ankafuna tingopanga vagrant package ya makina okonzakonza n'kumapatsirana pa fulashi. Ndimamvetsa chifukwa chake, ndipo pa bandulo ankanena zoona, koma ine ndinakana: fayilo yotereyi sungaiwerenge, sungadziwe amene anaikamo chiyani ndi liti.

Ndisaname kuti makinawa anagwira chilichonse. Wina anasunga chithunzi ngati Logo.png, mu khodi n'kulemba logo.png. Ndinkayembekeza kuti Linux ya m'makina ikana, koma foda yogawana ija imatsatira khalidwe la Windows, lomwe silisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Vutoli tinakaliona pa seva. Anzanga a chaka chomaliza amandiuzanso kuti ndikanangoyamba ndi Docker, pulogalamu ina ya ntchito yofanana, yomwe inatuluka mu 2013 ndipo ndi yopepuka. Ndiyiphunzira ndithu. Komabe pa Windows nayonso imadalira Linux yoyenda m'makina otere kuseri, ndiye sindikuona kuti nthawi yanga yapita pachabe.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wa chaka choyamba amene akufuna kupitiriza webusayitiyi ife tikachoka. Ndinamupatsa fulashi ya box, anachita git clone, kenako vagrant up. Tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa laibulale kumene Wi-Fi imakoka bwino, mizere ikuthamanga pa sikirini yakuda. Itasiya, anatsegula localhost:8080, fomu yolembetsera n'kutulukira. Anayesa kukweza chithunzi cha pa foni yake, ndipo chinalowa.